Lole ya Amayi

Amayi anga sanabwere ku Karonga chifukwa chondikonda, ngakhale ankandikonda ndithu. Anabwera chifukwa ndinawalonjeza lole.

Chaka chimenecho ndinapita kutchuthi kwathu ku Dedza n'kuwapeza miyendo itatupa, munda utawakanika, madzi akuchita kupempha kwa anansi. Mlongo wanga, yemwe akanawasunga, anali atatsatira mwamuna wake ku esiteti ya fodya. Ndinati basi, tiyeni tikakhale limodzi komwe ndikugwira ntchito. Anakana kwamtuwagalu.

"Ndikakafera kumeneko adzandiika ndani?" anandifunsa. "Ukufuna ndikagone pakati pa anthu oti ndi chinenero chawo chomwe sindichimva? Ine malo anga ndikuwadziwa, ali pafupi ndi amayi anga."

Ndinawayankha monyada, poti masiku amenewo kunyada ndinali nako kodzaza thumba. "Amayi, ine ndine wa boma. Wa boma akaferedwa, kaya ndi mwana, kaya mkazi, kaya kholo limene akulisunga, boma limapereka bokosi ndi lole mpaka kumudzi. Ndi lamulo limenelo."

Sindinkanama. Ndinali nditazionapo ndi maso anga kalaliki wina ataferedwa mwana, lole inanyamula banja lonse ulendo wa kum'mwera, mafuta ndi dalaivala zonse za boma. Amayi anatsina fodya wawo, anafwenkha, nandiyang'ana nthawi yaitali.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo," anatero. Komabe anamanga katundu wawo, ndipo pansi penipeni pa sutikesi yachitsulo anaikapo bulangete latsopano lomwe anati lisadzafundidwe ndi munthu wamoyo.

Ntchito yanga inali ya ziweto. Ndinkayang'anira dibi, dziwe la simenti lomwe ng'ombe zimasambiramo mankhwala opha nkhupakupa, kumpoto kwa Boma, mbali mwa msewu wopita ku Songwe. Tsiku la dibi ndinkadzuka kusanatenthe, kusakaniza mankhwala, kenako kuima pambali ng'ombe zikudumphira m'madzi imodziimodzi, eni ake akukuwa m'Chinkhonde, fumbi ndi ntchentche zili mbwee. Masiku ena ndinkazungulira m'makola pa njinga, kubaya jekeseni, kuyang'ana m'kamwa mwa ng'ombe, kupereka chilolezo kwa wofuna kusamutsa ziweto. Anthu ankanditcha a dokotala. Sindinali dokotala, koma sindinawaletsepo.

Ndisachite ngati munthu wosayamika. Ntchito ya boma inali ndi mafuta ake. Nyumba ya malata inali yaulere tingoti, njinga ya boma, yunifolomu ya khaki, masokosi ofika m'mawondo. Mwezi ukatha malipiro ankabwera, kaya mvula yagwa kaya sinagwe, pamene anzanga omwe ndinasiyana nawo kusukulu ankayang'ana kumwamba chaka ndi chaka. Ukalowa m'sitolo ankakupatsa mpando. Penshoni yomwe ndikudya lero ndi ya thukuta la kudibi komweko, ndipo ana anga anaphunzira ndi ndalama imeneyo. Zimenezi ndimazinena poyera, wina asadzati mkuluyu akungolira.

Koma mtima wanga sunakhalepo pansi. Wa boma sasankha pokhala. Lero uli pano, mawa akuuza kuti nyamuka, ndipo sufunsa chifukwa. Kuchoka pamalo ako a ntchito, ngakhale kukaona mnzako ku Uliwa, unkayenera kupempha. Msonkhano wa chipani ukaitanidwa unkatseka dibi n'kukakhala padzuwa, khadi lili m'thumba, kuwomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Poyankhula unkayamba wayang'ana kumbuyo, chifukwa sunkadziwa kuti mwa anzako omwa nawo tiyi ndani ali ndi makutu aatali. Ndiye kutenthako, abale! Ine mwana wa kumapiri, wozolowera chisanu cha mwezi wa Juni, ndinkagona thukuta lili kamukamu, udzudzu ukulira m'khutu. Chaka chilichonse ndinkapempha kuti andisamutsire kufupi ndi kwathu, chaka chilichonse yankho linali lakuti tamva.

Chifukwa cha chimenecho sindinkafuna chilichonse chomera mizu. Mabokosi amatabwa omwe tinabwera nawo anali pakona, ena osatsegula n'komwe. Akazi anga atafuna kubzala nthochi kuseri kwa nyumba ndinawakalipira kuti mukubzalira ndani, mwezi wamawa tikhoza kuchoka. Chinkhonde ndinaphunzira chongokwanira kufunsa kuti ng'ombe yadwala liti. Ndikamva galimoto pamsewu ndinkaimika ntchito n'kutchera khutu, mwina ndi uthenga wanga wafika. Zaka zinkapita ndikukhala ngati munthu woyembekeza basi.

Amayi ndiye anazolowera msanga kuposa ine, chinthu chomwe chinkandipsetsa mtima pang'ono. Kuseri kwa mpanda wa nyumba ya boma kunali khomo la mkulu wina wa ng'ombe zambiri, nyumba zake zobisika m'nthochi, bwalo losesedwa bwino. Akazi ake a mkuluyo anali a msinkhu wa amayi. Sindidziwa kuti zinayamba bwanji, ndinangoona tsiku lina akhala pamphasa imodzi, wina akuyankhula Chichewa wina Chinkhonde, onse akuseka. Amayi ankapititsa fodya wamphuno, ankabwerako ndi chambiko, mkaka wowawasa uja, m'kachikho. Anayamba kudya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, n'kumatinena ife kuti sitidziwa kuphika. M'mawa ndinkawamva akukuwa pampanda kuti "Mwaghona," moni wa kumeneko, mokhotakhota mpaka ana kugwa nako kuseka.

Koma za lole sanaiwale. Ofesi yathu ku Boma inali ndi lole imodzi yobiriwira, yomwe inkatibweretsera migolo ya mankhwala. Ikaima pakhomo amayi ankatuluka ndi ndodo yawo, kuizungulira, kusuzumira kumbuyo ngati munthu wofuna kugula.

"Galimoto yanga ndi imeneyi?" ankamufunsa dalaivala. "Muli malo m'menemo? Ine sindifuna zopanikizana, ndidzapita chogona."

Dalaivalayo anali bambo wofatsa wa ku Ngara. Ankavula chipewa n'kuyankha kuti, "Malo alipo, amama, koma musafulumire, matayala sanabwere atsopano." Ankaseka onse awiri. Ine nthabwala imeneyi inkandinyansa, koma ndinkaona kuti amayi akaiona loleyo ankagona tulo tabwino.

Ndi mkulu wa ng'ombe uja tinadana chifukwa cha ntchito. Kunabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, ndipo lamulo linabwera lakuti ng'ombe isachoke m'khola kupita dera lina. Nthawi yomweyo mwana wake wamwamuna anali atapeza mbeta kufupi ndi Songwe, ng'ombe za malowolo zitasankhidwa kale, tsiku litapanganidwa. Kwathu sitilowola, choncho kulemera kwa nkhaniyo sindinakumve bwino. Mkuluyo anabwera yekha, anakhala pakhonde, nandipempha chilolezo mwaulemu. Ndinakana. Anabweranso ndi nkhuku, ndinakana ndi nkhuku yomwe. Anandiuza kuti ng'ombe zake ndimazisambitsa ndekha, ndikuzidziwa kuti zilibe chilonda. Zinali zoona, koma ndinamuuza kuti lamulo si langa, ndi la boma, ndipo ndikalola iye mawa ndilibe ntchito. Ngakhale lero ndikanakana, poti matenda aja si masewera. Ukwatiwo unaima, akuchikazi anayamba kuyankhula zambiri, ndipo mkuluyo analeka kundipatsa moni. Tikakumana panjira ankayang'ana nthochi. Amayi okha ndiwo ankadutsabe pampanda ngati palibe chachitika.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera yaukali. Mitsinje inasefukira, minda ya mpunga inasanduka nyanja, msewu unali phala lokhalokha. Mkati mwa mvulayo tinamva kuti kukubwera mlendo wamkulu wochokera ku likulu kudzayendera mbewu. Amene anakhalako masiku amenewo akudziwa tanthauzo lake. Ntchito zonse zinaima. Aphunzitsi, anamwino, makalaliki, tonse tinali kudula mitengo yomangira zipata zamaluwa, kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu, kukwirira maenje. Amayi a m'midzi ankayeserera nyimbo ndi magule tsiku ndi tsiku. Galimoto iliyonse yoyenda, ya boma ngakhale ya munthu wamalonda, inalembedwa kuti idzanyamule ovina.

Sabata yomweyo amayi anadwala. Anayamba ndi kuphwanya m'thupi, tinati ndi malungo, tinawapatsa mankhwala a kuchipatala chaching'ono chapafupi. Kenako mpweya unayamba kuvuta. Ine ndinkachoka m'mawa kukapaka miyala, kubwera madzulo manja ali mbuu, kuwapeza akucheperachepera. Ndinapempha kuti ndikhale pakhomo, anandiuza kuti aliyense ali ndi wodwala. Tsiku lina ndikuvala nsapato anandiitana.

"Iwe, lole ija ilipo?"

"Ilipo, amayi."

"Bulangete lili pansi pa sutikesi. Usadzandifunditse la ana, lonunkha mikodzo."

Ndinaseka kuti nawonso aseke, koma sanaseke. Anamwalira m'mawa wa tsiku lotsatira, dzuwa litangotuluka, akazi anga atawagwira dzanja. Mlendo wamkulu anali kufika mkuja.

Ndinalira pang'ono chabe, chifukwa mutu wanga unali pa lole. Ku Karonga thupi silidikira. Kunalibe nyumba yozizira yosungiramo maliro, ndipo kutentha kwa nthawi ya mvula kumaposa kwa chilimwe. Ndinakwera njinga kupita ku Boma, pena kupalasa, pena kuinyamula paphewa powoloka madzi. Nditafika pa ofesi, chinthu choyamba kuchiona chinali loleyo. Inali itatsukidwa mpaka matayala, atayimangirira timbendera m'mbali, ili phee pamthunzi.

Bwana wathu anali munthu wa kum'mwera, wonenepa, wosakonda phokoso, ndipo sanali woipa mtima. Anandipepesa, anandipatsa mpando, anatuma mesenjala kwa kalipentala kuti bokosi likonzedwe msanga. Nditatchula za lole anadzuka n'kukatseka chitseko.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "loleyo si yathu sabata ino. Mukudziwa."

"Bwana, ndi lamulo. Wa boma akaferedwa..."

"Lamulolo ndikulidziwa kuposa inu. Koma tandiuzani, ndikalembe kuti chiyani? Kuti amayi ovina atsala m'midzi chifukwa ine ndatumiza lole ku Dedza? Mukufuna tonse awiri tikaone kumene anapita anzathu aja?"

Sanatchule dzina, panalibe chifukwa. Tonse tinkadziwa anthu omwe anatengedwa pa nkhani zochepa kuposa imeneyi, mabanja awo n'kutulutsidwa m'nyumba za boma tsiku lomwelo.

"Dikirani mlendo adutse," anatero. "Akangochoka, loleyo ndi yanu, ndidzasaina ndekha."

"Adikira ndani, bwana? Amayiwo?"

Anayang'ana patebulo, ine ndinayang'ana khosi lake lonenepalo, ndipo kunena zoona ndinafuna kuligwira. Ndinali nditapsa mtima kwambiri. Koma ndinaimirira, ndinati zikomo bwana, n'kutuluka. Zikomo ameneyo amandiwawa mpaka lero.

Tsiku lonselo ndinazungulira pa Boma ngati nkhuku yofuna poikira. Ndinapita kwa mmwenye wa sitolo yemwe anali ndi lole, anandionetsa kuti nayonso yamangidwa timbendera. Ndinafunsa za sitima ya panyanja, anati inadutsa kale, ibweranso sabata ya mawa. Wina anandiuza kuti ngakhale nditapeza galimoto, mlatho wina kum'mwera wakokoloka, magalimoto akugona panjira. Ku positi ofesi ndinatumiza telegalamu kwa amalume, mwini mbumba yathu, ndikudziwa kuti ikafika pa Dedza idzayembekeza munthu wopita kumudzi kuti ainyamule. Ndinabwereranso ku ofesi, sindikudziwa kuti ndinkafunanso chiyani, n'kungoima pafupi ndi loleyo.

Dalaivala uja anandipeza pomwepo. Anali atamva. Anati madzulo akupita mbali ya kudibi kukatenga amayi ovina kuti adzagone pa Boma, ndiye bokosi atha kundinyamulira. Tinakweza bokosi ndi njinga yanga kumbuyo, ine ndinakhala kutsogolo. Pa mphambano yolowera kudibi anaima, tinatsitsa bokosilo, ndipo anavula chipewa chake.

"Ndinkawauza kuti malo alipo," anatero. "Pepani, a dokotala."

Ndidakali pomwepo kudikira anthu oti andithandize kunyamula, loleyo inabwerera itadzaza amayi ovala nsalu zofanana, akuimba. Atandiona nditakhala pabokosi m'mbali mwa msewu, nyimbo inazima. Ena anagwira pakamwa. Kenako mayi wotsogolera anayambitsanso, poti nawonso anali ndi owayang'anira, ndipo anapita akuimba chapansipansi.

Kutacha, akazi anga ananditengera kuseri kwa nyumba. "Bambo a mwana, sitingathenso kudikira," anatero. "Lowani mukaone nokha." Sindinalowe, fungo ndinali nditalimva kale ndili pakhomo. Anzathu a boma omwe anagona pamaliro, mphunzitsi ndi mlangizi wa mpunga, anati njira yatsala ndi imodzi, manda a alendo a pa Boma. Ndinkawadziwa mandawo. Anali kuseri, m'tchire, komwe ankaikako akaidi ndi anthu omwalira kuchipatala opanda abale. Pabwalo la nyumba ya boma sukumba manda, si pako. Ndinakhala pa mtondo wogonekedwa pansi, mutu uli m'manja, ndikumva mawu a amayi akuti adzandiika ndani.

Ndipamene mkulu wa ng'ombe uja analowa pampanda. Akazi ake anali m'nyumba kuyambira dzulo lake, ndiwo anasambitsa thupi pamodzi ndi akazi anga, koma iye sanaonekere. Anabwera ndi amuna anzake angapo, anakhala pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni nkhani ya malowolo anandiyang'ana kumaso. Chichewa chake chinali chothyokathyoka, chosakaniza ndi Chinkhonde, koma ndinamva zonse.

"A dokotala, ine ndi inu tili ndi mlandu, umenewo ukhale. Amama awa alibe mlandu ndi ine. Adya m'nyumba mwanga, amwa mkaka wa ng'ombe zanga. Munthu wotero sitimutaya kutchire. Agona kwanga."

Anthu a kumeneko saika maliro kutali kumsitu monga timachitira kwathu. Amaika pakhomo pomwepo, m'mbali mwa bwalo, pafupi ndi nthochi, pomwe ana amasewera ndi nkhuku zimapalasa. Nditangofika kumene ndinkaziona ngati zachilendo, mwinanso ndinanenapo mawu onyoza. Tsopano mkuluyo ankandipatsa malo pafupi ndi pomwe anagona amayi ake omubereka. Ndinafuna kunena kuti ndiyembekeze mawu a amalume, kuti kwathu mwana saika mayi ake popanda mwini mbumba. Koma amalume anali kutali, ndipo dzuwa linali likukwera. Ndinangoti, "Ndagha," zikomo wa kumeneko, mawu amodzi mwa ochepa omwe ndinkawadziwa.

Anakumba tsiku lomwelo. Mkuluyo anapha ng'ombe, ndipo nditaiona ndinaizindikira, inali ya nyanga yopindikira pansi, imodzi mwa zomwe zinasankhidwa kupita ku Songwe. Ng'oma zinalira, anyamata anavina fumbi kuti koboo, zomwe kwathu sitichita pa maliro a munthu wa mpingo, koma sindinaletse. Tinawafunditsa bulangete lawo latsopano lija. Poti atsitse bokosi, okumba anaima n'kuyamba kufunsana, kenako mkuluyo anatembenukira kwa ine.

"Kwanu ndi kuti?"

Ndinati ku Dedza. Anapukusa mutu, dzinalo silinamuthandize. "Lozani ndi dzanja."

Anandifotokozera kuti iwo amagoneka munthu nkhope italoza komwe anachokera makolo ake. Ndinaima pamenepo, munthu woyenda ndi njinga dera lonselo, n'kusokonezeka osadziwa kum'mwera ndi kuti. Mphunzitsi uja ndiye anandigwira phewa n'kunditembenuza. Ndinaloza kupyola nthochi, kupyola dibi, ndipo anakonza bokosilo kuti amayi ayang'ane kumeneko. Apo ndiye ndinalira, kulira kwenikweni, kosasamala yunifolomu. Pamene dothi linkagwera, kumsewu kunkadutsa magalimoto opita ku Boma, ndipo anthu ambiri atangotsiriza anasamba m'manja n'kuthamangira komweko kuti mawa asadzafunsidwe.

Mlendo anabwera, anapita. Patapita masiku bwana anatumiza uthenga wakuti lole tsopano ilipo ngati ndikuifunabe. Mawu a amalume anafika mochedwa, ndipo anali aafupi: unatenga mlongo wanga wamoyo, undibwezera chiyani? Mpaka anamwalira nkhani imeneyi sinathe pakati pathu.

Chodabwitsa n'chakuti kuyambira pamenepo mtima wofuna kuchoka unandithera. Ndinatsegula mabokosi aja, matabwa ake ndinakhomera mashelefu. Ndinauza akazi anga kuti abzale nthochi zawo, ndipo mbewu anakatenga kwa mkulu uja. M'mawa ndisanapite kudibi ndinkadutsa pampanda, kupereka moni, kuima pang'ono pamanda, pena kuzulapo udzu. Akazi a mkuluyo ankasesapo tsiku lililonse pamodzi ndi bwalo lonse, ndipo nthawi zina ndinkapezapo kafodya katathiridwa pambali. Matenda a ng'ombe atatha ndinalemba chilolezo chija ndisanapemphedwe, ndipo pa ukwati wa mwana wake ndinakhala pakati pa abale. Chinkhonde chinayamba kulowa. Galimoto ikalira pamsewu sindinkadzutsanso mutu. Chaka chimenecho, kwa nthawi yoyamba, sindinapemphe kusamuka.

Mvula ina isanagwe bwana anandiitanitsa. Ndinamupeza akumwetulira, anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Achimwene, zatheka. Mukupita kwanu, ku Dedza. Ndakhala ndikukumenyerani nkhondo kulikulu chichitikireni zija. Sindinagone nazo bwino."

Ndinaona kuti akunena zoona. Munthuyo anafukula mapempho anga akale onse, anawayendetsa, anatchula ndi za maliro zomwe, kuti andipepese m'njira yomwe ankaidziwa. Walira mvula walira matope.

"Bwana, sindikufunanso kuchoka."

Kumwetulira kunatha. "Mwati bwanji?"

"Amayi ali kuno."

Anayankhula mwa mawu ake otsitsa aja. Anati zasainidwa kale, wolowa m'malo mwanga wauzidwa kale, nyumba ikufunika. Anati munthu wokana kusamuka amafunsidwa kuti wapeza chiyani kumalire kuno chomwe sakufuna kuchisiya, ndipo funso limenelo silifunsidwa ndi ofesi yathu. Anandikumbutsa za ana, za penshoni. Zonse zinali zoona. Ndinaganiza zosiya ntchito, ndinaganiza ndithu, njira yonse yobwerera. Koma ndikanalima pati, munda wa yani, ana akanaphunzira ndi chiyani? Ukakwatira kwa mphenzi suopa kung'anima. Ndinayamba kuzula mashelefu aja kuti ndikhomenso mabokosi.

Lole inafika pa tsiku lomwe ananena, m'mawa, osachedwa ngakhale pang'ono. Inali yobiriwira yomwe ija, dalaivala yemwe uja, matayala atsopano. Anansi anatithandiza kukweza mipando, bedi, mtondo, dengu la nkhuku, njinga, ndi sutikesi yachitsulo ya amayi. Nthochi za akazi anga zinali zisanabereke, tinazisiyira wobwerayo. Mkulu wa ng'ombe anabweretsa mkoko wa nthochi zake ndi chikho cha chambiko cha panjira. Anandiuza kuti ndisade nkhawa, bola iye ali moyo pamandapo sipamera udzu, ndipo akadzafa ana ake akudziwa. Ndinapita kukaima pamandapo. Ndikanati chiyani, kuti amayi lole yabwera?

Katundu wathu sanali wambiri. Titamanga zingwe, kumbuyo kwa lole kunatsala malo aakulu, oti munthu n'kugona mosapanikizika. Dalaivala anawaona, nanenso ndinawaona, ndipo tonse tinayang'ana kwina. Akazi anga ndi ana anakwera. Iye anazungulira lole akugogoda matayala, anatseka chitseko cha kumbuyo, kenako anafunsa funso lomwe madalaivala a boma amafunsa pakhomo lililonse asanalize injini.

"Zonse zakwera, a dokotala? Palibe chatsala?"

Atangolitulutsa anagwira chipewa chake n'kuyang'ana pansi. Ine ndinayang'ana kupyola mpanda, komwe akazi a mkulu uja anali ataweramira pansi akusesa pansi pa nthochi.

"Tiyeni," ndinatero, n'kukwera kutsogolo.